Jagi ya Mariga ndi Mbale Yosweka: Ziwiya za Pakhomo mu Luso la m'Mafamu a ku Mashonaland

Mawu Oyamba

Pali nkhani ina imene imabwerezedwa m'mabuku ofotokoza chiyambi cha luso losema miyala ku Zimbabwe. Mwini nkhaniyi ndi Frank McEwen, mkulu woyamba wa Rhodes National Gallery, nyumba yoonetseramo zaluso imene idatsegulidwa m'chaka cha 1957 mumzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare. Malinga ndi kukumbukira kwake, Joram Mariga, mlangizi wa zaulimi wa ku Nyanga, adamubweretsera kajagi ka mkaka kosemedwa pamwala wofewa. McEwen sadakondwe nako, poti adaona kuti n'kachiwiya ka patebulo la mayi wachingerezi wokonda tiyi. Adamupempha kuti aseme mutu wa munthu, koma nawonso udaoneka ngati wongogulitsa kwa alendo odzaona dziko. Pamapeto pake adamufunsa chimene akadasema chikadakhala cha banja lake kapena cha makolo ake, ndipo chosema chachitatucho ndicho McEwen adachilandira ngati luso lenileni la Chiafirika.

Ambiri amaiona nkhaniyi ngati kubadwa kwa luso latsopano. Nkhani ino ikuyang'ana chimene chidakanidwa tsiku limenelo, chomwe ndi chiwiya cha pakhomo. Kukanidwako kudakhazikitsa ganizo lakuti chiwiya ndi mzimu siziyendera limodzi, ndipo ganizoli lidatsogolera osema, ogula ndi ounika kwa zaka zambiri. Amene adapwetekeka nalo kwambiri ndi anthu oyankhula Chichewa ndi Chiyao amene ankagwira ntchito m'mafamu a azungu ku Mashonaland, chifukwa kwa iwo ziwiya ndizo zidali mudzi wokhawo umene akadaunyamula. Kuti zimenezi zioneke bwino, nkhaniyi iyamba ndi chiyankhulo, kenako iunika mitundu itatu ya luso imene idaphukira m'mafamuwa: nthano yaitali ya Doris Lessing, zosema za ku Tengenenge, ndi luso la m'komboni limene silidalowe m'nyumba zoonetseramo.

Chiwiya m'Chiyankhulo

Chichewa chili ndi njira yake yosonyezera kuti chiwiya chimaposa ntchito imene chimagwira. Mphatikiri wa malo pa- kapena ku- akaphatikizidwa ku dzina la chiwiya, chiwiyacho chimasanduka bwalo la anthu. Mtondo ndi mtengo wogobedwa, koma pamtondo ndi pamalo pamene amayi amakumana, kusinja, ndi kuimba nyimbo zodzudzula mwamuna waulesi, mpongozi wolongolola kapena mkazi mnzawo wamiseche, zinthu zimene sangazinene poyera pabwalo la mfumu. Mphasa ndi bango lolukidwa, koma kumphasa ndi mawu aulemu onena za chinsinsi cha mwamuna ndi mkazi wake, ndipo mwambo wotengera mwana kumphasa umalowetsa khanda m'gulu la anthu. Khomo ndi polowera, koma pakhomo ndi banja lonse pamodzi ndi mbiri yake. Munthu wosamva chiyankhulo akaona mtondo pachithunzi amaona chida chosinjira chimanga. Mwini chiyankhulo amamva nyimbo ndi milandu.

Miyambo imapitiriza zimene chiyankhulo chayamba. Mafuwa atatu ndiwo amachirikiza mphika, ndipo anamkungwi amawagwiritsa ntchito polangiza za kukhazikika kwa banja. Mtondo ndi munsi zimaimira mkazi ndi mwamuna m'malangizo a chinamwali. Mchere wothira mumphika wa ndiwo uli pakati pa malamulo a mdulo, amene J. W. M. van Breugel adawalongosola m'buku lake la chipembedzo cha makolo a Achewa lotuluka mu 2001. Nsembe ya ufa kapena ya mowa imafika kwa mizimu kudzera m'chikho kapena m'kamphika koikidwa patsinde pa mtengo kapena m'kachisi. Munthu akamwalira, m'madera ambiri ziwiya zake zina zimaikidwa pamtumbira zitabooledwa, kusonyeza kuti ntchito yake pansi pano yatha ndipo zatsatira mwini wake.

Chishona nacho chimayenda njira yomweyi, ndipo mawu ena ndi apachibale ndi a Chichewa: mapfihwa ndi mafuwa, rusero ndi lichero, rupasa ndi mphasa. Miphika ili ndi mayina malinga ndi ntchito yake, monga shambakodzi yophikira nsima, hadyana ya ndiwo, chirongo chotungira madzi ndi pfuko ya mowa. Chofunika kwambiri pa mkangano uno ndi chikuva, chiunda cha dothi cha kumbuyo kwa nyumba yophikiramo, pamene amasanjapo miphika. Pamalo pomwepo ndi pamene banja limagwada poyankhula ndi mizimu ya makolo. Motero pamene McEwen ankauza Mariga kuti asiye chiwiya n'kuyang'ana kwa makolo, ankalekanitsa zinthu ziwiri zimene pachikhalidwe cha Mariga mwiniyo zimakhala pachiunda chimodzi. Zoona, jagiyo idali ya maonekedwe achingerezi, ndipo McEwen adali ndi chifukwa choopera malonda a tizinthu ta pabwalo la ndege. Koma funso limene likadatsatira, lakuti nanga chiwiya cha kwanu chikadaoneka bwanji pamwalapa, silidafunsidwe. Malire a pakati pa luso loonera ndi chida chogwiritsa ntchito adachokera ku Ulaya pamodzi ndi wofunsayo.

Nyumba ya Mwini Famu, Mphika wa Wantchito

Lamulo logawa malo la 1930 lidapereka nthaka yachonde ya Southern Rhodesia kwa azungu, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, ulimi wa fodya udakula kwambiri m'madera monga Mvurwi, Banket, Trelawney, Karoi ndi Centenary. Gawo lalikulu la antchito lidachokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Ena adayenda pansi kudzera ku Tete, ena adakwera malole a ulere, ndipo ena adalembedwa ndi bungwe lolemba antchito limene lidakhazikitsidwa mu 1946, lomwe anthu ankalitcha Mthandizi. Kale mu 1935 komiti ya boma la Nyasaland, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, idali itadandaula za midzi yotsala yopanda amuna. Amene sadabwererenso kwawo adatchedwa matchona, ndipo eni dziko adawatcha onse Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre.

Kusamuka kumeneku kudatembenuza dongosolo la pakhomo. Pa chikamwini, nyumba, munda ndi mafuwa zili kwawo kwa mkazi, pakati pa mbumba yake. Mwamuna ndiye wobwera. M'komboni ya pafamu nyumba sidali ya mkazi, sidalinso ya mwamuna. Idali ya mwini famu, ndipo banja linkakhalamo malinga ngati dzina la mwamuna likadali m'buku la ntchito. Ufa, nyemba ndi mchere zinkabwera ngati phoso. Blair Rutherford, amene adachita kafukufuku m'mafamu a ku Hurungwe n'kulemba buku la Working on the Margins mu 2001, adafotokoza ulamuliro wa mwini famu ngati boma la pakhomo, kutanthauza kuti mzunguyo ankaweruza ngakhale nkhani za m'mabanja a antchito ngati kuti onse ndi ana a m'nyumba mwake. Ntchito ikatha, nyumba yathanso. Chotsala m'manja mwa banja chidali chonyamulika chokha: mphika, mthiko, chipande, lichero, mphasa, mwinanso mtondo. Paja akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa wantchito wa pafamu, chake chenicheni chidali chimene akadachisenza pamutu tsiku lochotsedwa.

N'chifukwa chake funso la ziwiya mu luso la m'mafamuwa lili lolemera. Luso likaonetsa ziwiya za anthuwa, likuvomereza kuti adamanga mabanja m'dzikomo. Likazibisa, likuthandiza ganizo lakuti adali manja ogwira ntchito basi, odutsa, opanda pakhomo.

Mbale ya m'Nthano ya Lessing

Doris Lessing adakulira pafamu ya makolo ake pafupi ndi Banket, kumene banjalo lidafika mu 1925. Nthano yake yaitali yoyamba, The Grass is Singing, idatuluka mu 1950, ndipo mphamvu yake yaikulu ili m'ziwiya. Umphawi wa Dick Turner umaonekera m'makapu ong'aluka amene akumwetseramo tiyi mkazi wake Mary usiku woyamba, ndi m'denga la malata lopanda siling'i limene likuwotcha nyumba. Nkhanza za Mary nazo zimadutsa m'ziwiya: akudula malipiro a Samson, wantchito wokalamba, chifukwa cha tizipatso touma ta m'kabati, akukakamiza wantchito wina kukwecha bafa lachitsulo kwa maola ambiri osadya kanthu. Ngakhale kusintha kwa ubale wa Mary ndi Moses kukuyamba kuonekera pathireyi ya chakudya, pamene Moses akuikapo maluwa akutchire m'kapu yopanda chogwirira.

Kwa owerenga Chichewa, munthu wofunika kumuyang'anitsitsa ndi mnyamata amene akulembedwa ntchito Samson atachoka. Nthanoyi ikunena kuti wayenda pansi ulendo wautali kuchokera ku Nyasaland, ndi wowonda, ndipo mafoloko, mipeni ya patebulo ndi mbale zadothi loyera adangozimva m'nkhani za anzake obwerera kumudzi. Mary akumuphunzitsa kuyala tebulo mwaukali, m'chiyankhulo chimene mnyamatayo sakuchimva. Chifukwa cha mantha akugwetsa mbale, ndipo pomwepo ntchito yatha. Lessing adaona bwino lomwe kuti mbaleyo ndi malire. Kudziwa mbali yoika foloko kudali mayeso a umunthu, ndipo woyesa ndi amene adalemba yekha malamulo a mayesowo. Mawu a Chichewa onena za ziwiyazi amasunga mbiri yomweyi: supuni, foloko, kapu, tebulo, ketulo, thireyi. Onsewa ndi obwereka, ndipo ambiri adalowera kukhitchini ya mzungu, kumene chiyankhulo chinkayenda ngati lamulo lochokera kumwamba.

Komabe pali pamene diso la Lessing lidalekezera. Mnyamatayo sadapatsidwe dzina, ndipo akangotuluka pakhomo la Mary, nthano yamutaya. Owerenga amauzidwa zimene iye sadziwa, koma sauzidwa zimene amadziwa. Mnyamata woleredwa m'mudzi wa ku Nyasaland wa nthawi imeneyo akadadziwa kusema chipande, kuluka nkhokwe, kusiyanitsa nkhali ndi mtsuko, komanso kuzindikira mbale imene mkamwini sayenera kudyeramo. Dick atadwala malungo, Mary akupita kukomboni kukatulutsa antchito, ndipo owerenga akuiona komboniyo kudzera m'kunyansidwa kwake. M'nyumbamo salowamo. Wina angayankhe kuti Lessing adachita dala, pofuna kuonetsa khungu la azungu a m'mafamu, ndipo yankho limeneli lili ndi mphamvu. Koma zotsatira zake sizisintha: m'buku lodziwika koposa lonena za mafamuwa, lolembedwa ndi mlembi amene adalandira mphotho ya Nobel mu 2007, ziwiya za mzungu zili ndi mbiri ndi tanthauzo, pamene za wantchito sizidatchulidwe n'komwe mayina.

Miyala ya ku Tengenenge

Boma la Ian Smith litalengeza ufulu wodzipatsa lokha pa 11 November 1965, mayiko adaika ziletso pa malonda a Rhodesia ndipo fodya adasowa msika. Tom Blomefield, mlimi wa fodya wa m'boma la Sipolilo, lomwe tsopano ndi Guruve, pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa Harare, adafuna njira ina yopezera ndalama iye ndi antchito ake. Crispen Chakanyuka, amene adaphunzira kusema kwa Mariga, adamuonetsa kuti mapiri a Great Dyke a pafamupo ali ndi mwala wosemeka bwino. Motero mu 1966 padabadwa mudzi wa osema wa Tengenenge. Chingwe chochokera pa jagi ija chidafika chotero mpaka m'komboni.

Ambiri mwa osema oyamba adali anthu obwera kapena ana awo. Lemon Moses adali wochokera ku Malawi. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Northern Rhodesia mu 1932, adafika ku Southern Rhodesia mu 1949. Josia Manzi ndi Amali Malola adali Ayao, Barankinya Gosta adachokera ku Mozambique, ndipo Makina Kameya adachokera ku Angola. Pambali pawo padali eni dziko monga Bernard Matemera, Henry Munyaradzi ndi Sylvester Mubayi. Ngakhale zidali choncho, ntchito ya gulu lonseli idagulitsidwa kunja ndi dzina lakuti zosema za Chishona, makamaka chionetsero cha ku Musée Rodin mumzinda wa Paris chitachitika mu 1971. Jonathan Zilberg, m'kafukufuku wake wa 1996, adaonetsa kuti mwambo umene unkatchedwa wamakedzanawu udachita kupangidwa m'zaka zomwezo. Kubisika kwa mitundu ya osema kwakambidwa kale ndi ounika angapo. Chimene sichidakambidwe mokwanira ndi kubisika kwa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku.

Munthu akayang'ana mitu imene idatchukitsa mbadwo woyambawu, amapeza mizimu, anthu osanduka nyama, mbalame, anyani, mitu ya mafumu ndi nkhope zofanana ndi za gule. Mphika, mtondo ndi lichero sizili pakati pa zimene zidapatsa luso limeneli dzina. Zifukwa zake n'zingapo, ndipo si zonse zimene zingaikidwe pamutu pa McEwen. Choyamba ndi msika: wogula wa ku Paris kapena ku London ankafuna Afirika wa mizimu, ndipo wosema wokhala ndi ana ofuna chakudya sakadalimbana ndi wogula. Chachiwiri ndi kagawidwe ka ntchito: osema ambiri oyamba adali amuna, pamene kuumba, kusinja ndi kupeta ndi dziko la amayi, ndipo mwamuna wosema mphika akadaoneka ngati walowerera za eni. Chachitatu ndi mayina a zosemazo, amene ankalembedwa m'Chingerezi. Chosema chimene mwini wake akadachifotokoza ndi mwambi kapena ndi dzina la mwambo chinkafika kwa wogula ndi dzina lalifupi la mzimu wakutiwakuti, ndipo tanthauzo la pakhomo linkathera panjira.

Ntchito ya Fanizani Akuda ndi imene ikuonetsa bwino kuti pakhomo sipadafafanizike kotheratu. Asadayambe kusema, Akuda adagwirapo ntchito yothyola thonje, yomanga nyumba za njerwa ndi yoluka madengu. Zosema zake zimadziwika ndi nkhope zozungulira zomwetulira, maso ong'ambika pakati ngati nyemba, anthu oimba likhweru, ndi magulu a mayi, bambo ndi ana okumbatirana. Ounika ambiri amangoti ndi luso lachimwemwe. Koma woyang'ana mofatsa amaona kuti mabanja a Akuda amaumbika pamodzi kukhala chinthu chimodzi chobulungira, miyendo ndi manja zolukanalukana popanda mpata, monga zimachitira nsungwi za dengu. Pansi pawo palibe mphasa, kumbuyo kwawo kulibe khoma, pakati pawo palibe moto. Banja lenilenilo ndilo lasanduka chiwiya chosungiramo anthu ake. Kwa munthu amene adakhala zaka zambiri m'nyumba za eni, ndipo nkhondo itakula adasamukanso mu 1975 kupita ku Chitungwiza, kumene adagwira ntchito mpaka imfa yake mu 2011, kaumbidwe kotere kali ndi tanthauzo loposa chimwemwe. Ndi chithunzi cha banja limene chuma chake chonse ndi kugwirana. Kuwerenga kotereku sikungatheke ngati woyang'ana wauzidwa kale kuti afunefune mizimu ya Chishona.

Ziwiya zidadzalowa poyera m'luso la miyala ndi mbadwo wachiwiri, makamaka amayi atayamba kusema. Colleen Madamombe, amene adagwira ntchito ku Chapungu Sculpture Park mu Harare ndipo adamwalira mu 2009, adasema amayi ojintcha ovala madiresi aakulu, ali pantchito: kusenza madzi, kukolola, kubereka ana. Mwa iye mtsuko wa pamutu uli ndi kulemera, ndipo thupi lonse la mayiyo likuyankha kulemerako. Izi zikutsimikiza kuti mwala sudakanepo chiwiya. Chimene chinkasowa ndi wosema amene dziko la ziwiya ndi lake, ndi wogula wolola kuliona. Komabe pafunika kusamala. Chithunzi cha mayi wosenza mtsuko chachuluka m'misika ya m'mphepete mwa misewu kotero kuti chasanduka chizindikiro cha mudzi wongoganizira, wopanda mwini famu, wopanda phoso, wopanda kusamutsidwa. Chiwiya chimatha kubisa mbiri monga momwe kusowa kwake kumaibisira.

Luso Limene Silidafike ku Paris

Pamene miyala inkapakiridwa kupita kunja, m'makomboni munkachitika luso lina limene silinkafuna wogula. Gule wamkulu adafika m'mafamu ndi m'migodi ya Mashonaland pamodzi ndi Achewa, ndipo eni dziko amamutcha zvigure kapena zvinyau. Anusa Daimon, wolemba mbiri wa ku Zimbabwe, waonetsa momwe guleyu adathandizira anthu ochokera ku Malawi kudzisunga monga gulu m'dziko lachilendo. Chofunika pa nkhani ino n'chakuti gule sadziwa malire amene McEwen adaika. Zilombo zake zimatenga chilichonse cha m'moyo wa anthu n'kuchilowetsa m'bwalo la mizimu: Simoni wofiira nkhope akuseka mzungu, Maliya akuyankha za ku mishoni, ndipo galimoto nayo idapeza malo pakati pa Kasiyamaliro ndi Njovu. Masaka, sanza, makoko a chimanga ndi khonje, zomwe ndi zinthu za pafamu ndi za pakhomo, zimasanduka thupi la chochokera kumanda. Chinthu chachilendo sichikanidwa chifukwa choti n'chachizungu. Chimalandiridwa, kusekedwa, ndi kupatsidwa mwambo. Jagi ya mkaka ikadafika kudambwe sikadabwezedwa; ikadapatsidwa nyimbo.

Mbali ya amayi nayo ili ndi luso lake. Pa chinamwali anamkungwi amaumba zilengo zadothi zophunzitsira namwali, ndipo mwambo ukatha zimaphwanyidwa. Leslie Zubieta waonetsa ubale wa zoumbazi ndi zojambula zoyera za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo amene UNESCO idawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, patangopita chaka chimodzi bungwe lomweli litalemekeza gule wamkulu mu 2005. Chinamwali chidapitirira pakati pa mabanja ochokera ku Malawi m'mafamu a Zimbabwe, ndipo m'malangizo ake mtondo, munsi, mafuwa ndi mphasa ndizo zilembo zowerengera moyo. Luso limeneli lidapangidwa kuti lisakhalitse ndiponso kuti lisaonedwe ndi aliyense. Nyumba yoonetseramo zaluso imafuna chinthu cholimba, chokhala ndi dzina la mwini mmodzi, chogulitsika. Motero mbiri yolembedwa ya luso la m'mafamu idasunga chimene amuna adasemera alendo, n'kusiya chimene anthuwo adadzipangira okha. Pano ounika ayenera kuyenda mwaulemu, pakuti si chinsinsi chilichonse chimene chiyenera kutulutsidwa kuti chikhutiritse ophunzira. Koma kulemekeza chinsinsi n'kosiyana ndi kulemba ngati kuti kulibe kanthu.

Mawu Otsiriza

Mkangano uwu udaonetsa kulemera kwake kuyambira m'chaka cha 2000, pamene boma la Robert Mugabe lidayamba kulanda mafamu a azungu mwachangu. Antchito ambiri adataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo ochepa okha mwa iwo ndiwo adalandira malo. Lamulo la unzika losinthidwa mu 2001 lidasiya ambiri obadwira m'dzikomo, amene makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, akuwerengedwa ngati alendo. Amene adathawira m'matauni adakumana ndi Operation Murambatsvina mu 2005, imene lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, lidati idalanda nyumba kapena popezera chakudya anthu pafupifupi 700,000. Ouzidwa kuti abwerere kumudzi adalibe mudzi woti n'kubwererako. Malamulo aakulu a dziko a 2013, m'gawo 43, adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'dziko la SADC, koma chipongwe chakuti ndi anthu opanda mtupo, opanda kwawo, chidali chitazika kale mizu.

Chipongwe chotere chimakula msanga pamene palibe chithunzi chotsutsana nacho. Anthu amene kwa mibadwo itatu kapena inayi adaphika, kusinja, kulangiza anamwali ndi kuika maliro m'nthaka ya Mashonaland adaonekera mu luso lotchuka ngati mnyamata wopanda dzina wogwetsa mbale, kapena ngati manja osema mizimu ya mtundu wina. Sikuti Lessing, McEwen kapena Blomefield ndiwo adasamutsa anthu; aliyense wa iwo adatsegula khomo lina limene lidali lotseka, ndipo Tengenenge idadyetsa mabanja ambiri, mpaka Blomefield adaisiya m'manja mwa wosema Dominic Benhura mu 2007. Koma khomo la nyumba ya m'komboni lidakhala chitsekere.

Ntchito yotsala ndi ya ophunzira ziyankhulo mofanana ndi ya ounika zaluso. Zosema za Akuda, Moses, Manzi ndi anzawo zikufunika kuwerengedwanso ndi anthu akumva Chichewa ndi Chiyao, ndipo ana ndi adzukulu a osemawa afunsidwe mayina amene zosemazo zinkatchulidwa pakhomo zisadalembedwe m'Chingerezi. Nyimbo za pamtondo za m'makomboni a ku Mvurwi, Banket ndi Karoi zikufunika kujambulidwa amayi amene amazidziwa akadali moyo, pamodzi ndi mawu a ziwiya amene Chichewa cha kumeneko chabwereka ku Chishona ndi ku Chilapalapa. Ndipo ophunzira a zolembalemba akamawerenga nthano ya Lessing m'makalasi a ku Zomba, ku Lusaka kapena ku Harare, aphunzitsi awapemphe kutchula m'chiyankhulo chawo ziwiya zimene mnyamata wa ku Nyasaland uja adazisiya m'nyumba ya amayi ake, ndi kulongosola mwambo wa chilichonse.